Golide akadzatha, Chipadze idzatsala ndi chiyani?

Mvula yoyamba ikagwa ku Bindura imakokolola zonse zimene tauniyi yataya chilimwe chonse: majumbo, matewera a ana, zinyalala za pamsika, madzi a suweji otuluka m'mapaipi otsekeka ndi dothi lofiira la m'maenje a golide. Zonsezi zimatsata ngalande ndi timakhwawa mpaka zitathira mu mtsinje wa Mazowe. Mvula yomweyo imagwanso pa bwalo la zamasewero la Chipadze. Pa zinthu ziwirizi, bwalo ndi mtsinje, funso lathu n'limodzi: mwini wake ndani? Mukafunsa munthu wa ku Chipadze kapena ku Chiwaridzo, madera a m'tauniyi, yankho silichedwa. Bwalo n'la khonsolo, mtsinje ngwa boma. Nanga amene amamwa madziwo ndi khonsolo? Mwana amene amathamanga pa bwalopo wopanda nsapato anabadwa kwa boma?

Yankho lakuti "si zathu" tinachita kuliphunzira, ndipo sukulu yake inali komboni. Makolo athu ambiri anafika m'dera lino kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Anadzagwira ntchito m'migodi ya ku Shamva ndi ku Bindura komanso m'mafamu a m'chigwa cha Mazowe. Kumeneko zonse zinali za kampani. Nyumba, phoso, chipatala, holo ya mowa, mpopi wa madzi, ngakhale bwalo la mpira ndi yunifolomu ya osewera. Mpopi ukawonongeka unkakauza kapitawo. Udzu ukakula pa bwalo unkabwera kudzatchetchedwa ndi anthu olipidwa. Munthu amene wakhala zaka 30 m'nyumba imene angathe kutulutsidwamo tsiku limene ntchito yatha sabzala mtengo wa mango pakhomo. Sitikuwanena makolo athuwo, chifukwa umo ndi mmene moyo unawaumbira. Koma ife, adzukulu awo, amene mitembo ya agogo athu ili m'manda a konkuno, tikudikirabe kapitawo wa ndani?

Tiyeni tione zimene zimachitika kampani ikatopa. Mgodi wa kopa wa Mhangura utatsekedwa mu 2000, timu imene inkazunza matimu a ku Harare inazimirira pamodzi ndi tauni yake. Ku Zvishavane, mavuto a mgodi wa Shabanie anagwetsa timu imene inkadzaza bwalo la Maglas. Ku Redcliff ng'anjo za Ziscosteel zitazima mu 2008, bwalo la Torwood linatsala la masiye. Sitifunikanso kupita kutali. Timu ya Mwana Africa, ya konkuno ku Bindura, inasewera mu ligi yaikulu ndipo mu 2007 inaimira Zimbabwe mu mpikisano wa CAF Confederation Cup. Ili kuti lero? Inali ndi dzina la kampani, inkadya ndalama za kampani, ndipo inapita ndi nyengo ya kampani. Mgodi wa Trojan unaimitsa ntchito mu 2008 mtengo wa nickel utagwa, unadzatsegulidwanso patapita zaka, ndipo mu 2024 kampani ya Bindura Nickel Corporation, mwini wake wa mgodiwo, inaikidwa m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa ndi boma. Mgodi wa Freda Rebecca ukukumbabe golide, ndipo tikuufunira zaka zambiri. Komabe mgodi uliwonse uli ndi tsiku lake lomaliza, ndipo eni migodi amalidziwa bwino tsikulo kuposa ife. Kodi n'kwanzeru kuti masewero a ana athu atsamire pa mtengo wa nickel wa ku London?

N'chifukwa chake bwalo la Chipadze lili lofunika kuposa mmene timaliganizira. Silili mkati mwa mpanda wa mgodi. Lili pakati pa nyumba za anthu, pamene mayi wogulitsa tomato ndi mnyamata wosowa ntchito angafike wapansi. Andale amalidziwa bwino. Chisankho chikayandikira, matenti amakhomedwa, zimkuzamawu zimalira, mabasi amatsitsa anthu, ndipo malonjezo amaperekedwa pa kapinga yemweyo. Akachoka, ndani amakwirira maenje a zikhomo za matenti? Ndani amatola mabotolo? Amene amabwereka bwaloli, chipani, mpingo kapena woimba, amalipira zingati, ndipo ndalamazo zimalowa m'buku liti? Pa ndalama zonse zimene khonsolo ya Bindura imatolera kwa anthu okhala m'tauniyi, ndi zingati zimene zimalembedwa kuti n'za bwalo la Chipadze, ndipo pa zolembedwazo ndi zingati zimene zimafikadi pa zimbudzi, pa mpanda, pa mpopi ndi pa chipinda chovalira? Awa si mafunso achipongwe. Khonsolo imayenera kufunsa maganizo a anthu isanakhazikitse bajeti ya chaka. Ndi angati a ife amene tinapitako ku msonkhano wotero n'kutchula dzina la bwaloli?

Ku Shamva, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera pano, anzathu anatisonyeza kuti tauni ya mgodi ingathe kudzuka. Bwalo la Wadzanai linakonzedwa mpaka kuvomerezedwa kuchititsa masewero a ligi yaikulu, ndipo mu 2024 Simba Bhora inatenga ligi ya dziko lonse. M'chaka chomwecho Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central, tauni ya mayunivesite awiri ndi migodi ikuluikulu, inalibe timu mu ligiyo. Tikuwayamikira a ku Shamva ndi mtima wonse. Koma tikufunsanso: ngati chitukuko chotere chatsamira pa thumba la munthu mmodzi wokonda mpira, chikusiyana pati ndi chija chotsamira pa kampani? Mwini thumba akadzatopa, anthu a ku Wadzanai adzakhala ataphunzira kusamala bwalo lawo okha?

Dziko lonse lalawa kale manyazi a kunyalanyaza mabwalo. Mu 2020 bungwe la CAF linaletsa mabwalo a Zimbabwe kuchititsa masewero a pakati pa mayiko, ndipo m'zaka zotsatira timu ya dziko lino ya Warriors inalandirira alendo ake ku Rwanda, ku Uganda ndi ku South Africa. Bwalo la Gwanzura ku Highfield, limene linalera akatswiri osawerengeka, linasiyidwa mpaka kukhala chinthu chomvetsa chisoni. A ku Malawi akudziwa nkhani ya Kamuzu Stadium ku Blantyre, imene mbali zina zokhalapo anthu zinatsekedwa poopa ngozi. Palibe bwalo limene linagwa usiku umodzi. Linayamba ndi mpopi wodontha umene aliyense anauona n'kudutsa.

Pali nkhani ina ya kutali imene ikufanana ndi yathu modabwitsa. Birmingham, m'chigawo cha Alabama ku America, ndi mzinda umene unakula ndi migodi ya malasha ndi chitsulo. Mu 1910 mwini kampani ya zitsulo, Rick Woodward, anamanga bwalo la baseball lotchedwa Rickwood Field. M'masiku a tsankho anthu akuda ankakhala mbali yawoyawo, ndipo timu yawo, Birmingham Black Barons, inkasewera pamene timu ya azungu yapita koyenda. Pa bwalo limeneli ndi pamene Willie Mays, mwana wa munthu wogwira ntchito m'fakitale ya zitsulo, anasewera mu 1948 ali ndi zaka 17. Timu yaikulu ya mzindawo itasamukira ku bwalo latsopano kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Rickwood inatsala yokha, ikuwola. Mu 1992 anthu wamba anapanga gulu lotchedwa Friends of Rickwood. Anasonkha ndalama, anakonza denga, anapenta, anasunga bwalolo kuti ana asukulu azisewerapo. Pa 20 Juni 2024 matimu awiri a ligi yaikulu, St. Louis Cardinals ndi San Francisco Giants, anadzasewera pamenepo polemekeza osewera akuda akale, patangopita masiku awiri Willie Mays atamwalira. Pakati pa 1992 ndi 2024 pali zaka 32 za kutchetcha udzu popanda wokuombera m'manja. Anthu amenewo sanasunge bwalolo chifukwa linali lokongola, kapena chifukwa mbiri yake inali yokoma yokhayokha. Analisunga chifukwa makolo awo anakhalapo, anasekapo, ananyozedwapo. Kodi mbiri ya anthu a m'migodi ya Bindura ndi yopepuka kuposa imeneyo? Ndani akulemba mayina a amene anasewera pa Chipadze ndi pa Trojan, nkhalamba zimene zikuwakumbukira zisanathe?

Wina anena kuti anthu a ku Chipadze ndi osauka, sangafanane ndi a ku America. Umphawi ulipo, sitikuukana. Koma amene akunena kuti sitidziwa kusonkha sanaonepo bungwe la maliro la anthu athu. Kwa zaka zambirimbiri mabungwe amenewa akhala ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma, buku la mayina, chindapusa cha wochedwa, ndipo palibe membala amene anaikidwa m'manda ngati galu. Amayi a Chigwirizano mu mpingo wa CCAP, Asilamu m'mizikiti yawo, akuluakulu a gule wamkulu amene anasunga mwambo kutali ndi kwawo pamene ena ankawaseka: onsewa ndi anthu odziwa dongosolo. Ngati timatha kusonkha mwezi ndi mwezi kuti munthu apite m'bokosi labwino, chikutikanika n'chiyani kusonkha kuti mwana wamoyo apeze madzi akumwa ndi chimbudzi chogwira ntchito pa bwalo? Sitikunena kuti anthu alande ntchito ya khonsolo, kapena kuti alipire kawiri zimene analipira kale. Tikunena kuti gulu la anthu lokhala ndi buku lake, lodziwa mtengo wa thumba la simenti, limafunsa khansala mafunso amene munthu mmodzi sangafunse.

Nkhani ya mtsinje ndi yolemera koposa, chifukwa bwalo likawonongeka timataya chisangalalo, koma madzi akawonongeka timataya anthu. Mazowe umayambira kumpoto kwa Harare, umadutsa pa damu la Mazowe ndi minda ya malalanje, umafika kuno ku Bindura, n'kupitirira ku Shamva. M'mbali mwake ndi m'timitsinje tothiramo muli golide, ndipo kumene kuli golide kuli makorokoza, anthu okumba golide paokha. Tinene mosabisa kuti makorokoza si alendo ochokera kumwezi. Ndi ana athu, alamu athu, ena ndi anthu amene anachotsedwa ntchito m'migodi ikuluikulu. Mu Novembala 2020 mgodi wakale wa Ran, konkuno ku Bindura, unagumukira anthu ambiri amene ankafuna chakudya cha ana awo, ndipo tauni yonse inalira. Mu 2024 Zimbabwe inatulutsa matani oposa 36 a golide, ndipo woposa theka anachokera kwa okumba ang'onoang'ono. Dziko likudya thukuta lawo. Ndiye n'chifukwa chiyani dziko lomwelo limawakumbukira pogula golide, n'kuwaiwala pa nkhani ya poizoni amene akugwira ndi manja?

Ambiri a ife tinaonapo mmene ntchitoyi imachitikira. Miyala ikaperedwa, amathiramo mercury, amene amagwira tizidutswa ta golide n'kupanga kamphumphu kotuwa. Kamphumphuko amakawotcha pamoto, mercury n'kuuluka ngati nthunzi, golide n'kutsala. Nthunziyo imalowa m'mapapo a wowotchayo, a mkazi wake amene akuphika pafupi, ndi a mwana amene ali kumbuyo. Mercury wotsala m'matope amapita mu mtsinje. Kumeneko sasungunuka n'kutha ngati sopo. Tizilombo ta m'matope timamusandutsa mtundu wina woopsa kwambiri, umene umalowa m'tinsomba, tinsombato n'kudyedwa ndi nsomba zazikulu, nsombazo n'kufika pa mbale yathu. Amawononga ubongo ndi mitsempha: manja kunjenjemera, kuiwalaiwala, maso kuchita chidima, ndipo mwana amene ali m'mimba ndiye amapwetekeka koposa. Dziko linaphunzira zimenezi ku Minamata, ku Japan, kumene matendawa anadziwika mu 1956 pakati pa mabanja a asodzi amene ankadya nsomba za m'nyanja imene fakitale inkatayiramo zoipa zake. Pangano la mayiko lochepetsa mercury linatenga dzina la tauni imeneyo, ndipo Zimbabwe inalivomereza. Chiwiya chowotchera mwotseka, chimene amachitcha retort, chimagwira nthunzi ija kuti mercury abwerere m'botolo m'malo mopita m'chifuwa, ndipo mmisiri wowotcherera zitsulo angathe kuchipanga ndi mapaipi. Ngati Fidelity Gold Refinery ili ndi njira yofikira wokumba aliyense pogula golide wake, ilibe njira yomufikira ndi chiwiya chimenechi? Nanga matanki a cyanide amene achuluka m'zigayo za miyala, ndani amayendera kuona ngati sangasefukire mvula ikagwa yambiri?

Malamulo alipo, ochuluka. Bungwe la EMA, loona za chilengedwe, lili ndi mphamvu zolipiritsa ndi kutseka. Malamulo oyendetsera kukumba golide m'mitsinje anatuluka mu 2014. Mu Seputembala 2020 nduna za boma zinalengeza kuti kukumba m'mitsinje kwaletsedwa. Mu Ogasiti 2024 zinalengezanso zomwezo. Chinthu chikaletsedwa kawiri katatu, ndiye kuti kuletsa koyamba kunathera pati? Makina ofukula nthaka amene amatembenuza mtsinje sabisika m'thumba ngati sefa ya mkorokoza. Amayenda pa msewu, amadutsa pa zotchinga za apolisi, amamwa dizilo wa ndalama zambiri. Eni ake ndani? N'chifukwa chiyani n'kosavuta kugwira mayi wolima masamba pasanathe mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje kusiyana ndi kugwira mwini makina? Lamulo la mamita 30 ndi labwino ndipo tiyenera kulitsata, chifukwa dimba la m'gombe limagwetsera dothi mu mtsinje. Koma lamulo likamaluma ofooka okha, anthu amasiya kulikhulupirira.

Tisaloze chala kunja kokha. Si mkorokoza amene amataya matewera m'ngalande za ku Chipadze. Si mwini makina amene amathira mchenga, nsanza ndi zipande m'mapaipi a suweji mpaka atatsekeka. Mapaipiwo ndi akale, anaikidwa tauni ili yaing'ono, ndipo kuwasintha ndi udindo wa khonsolo umene sitidzaleka kuukumbutsa. Koma zina n'zathu. Tikukumbukira kolera wa 2008 ndi 2009 amene anapha anthu oposa 4,000 m'dziko lino. Tikukumbukira kuti anabweranso mu 2018, ndiponso mu 2023 mpaka 2024. Mpopi ukauma masiku angapo, amayi amapita ku zitsime zosaya, ndipo madzi a m'zitsimezo ndi omwewo amene adutsa pansi pa zinyalala zathu. Kuyambira mu Disembala 2018, Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse ndi tsiku loyeretsa dziko. Kodi tsikuli ndi la kusesa pakhomo pa maofesi pamene pali kamera, kapena lingathe kufika ku khwawa la kuseri kwa nyumba zathu kumene kununkha?

Ndipo pali funso limene tikulipereka kwa ophunzira. M'tauni ino muli Bindura University of Science Education, sukulu ya sayansi yokhala ndi zipinda zoyezera zinthu ndi ophunzira ofuna mitu ya kafukufuku chaka ndi chaka. Muli ZINWA, bungwe loona za madzi, muli khonsolo yoyang'anira madzi a chigwa cha Mazowe, muli EMA, muli migodi imene lamulo limaikakamiza kuyeza madzi otuluka m'malo ake. Zotsatira za kuyeza konseku zimathera m'kabati ya ndani? Chingalephereke n'chiyani kuti mwezi uliwonse pepala limodzi likhomedwe pa chipata cha bwalo la Chipadze, lolembedwa m'Chishona, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, lonena kuti madzi a pa mjigo wakuti ndi abwino, a pa chitsime chakuti musamwe, nsomba za pamalo akuti musapatse mayi woyembekezera? Gawo 73 la malamulo aakulu a dziko a 2013 likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo osawononga thanzi lake, ndipo gawo 77 likutchula madzi abwino akumwa. Ufulu umenewu ungagwire ntchito bwanji kwa munthu amene sauzidwa chimene chili m'chidebe chake?

Kwa ife olankhula Chichewa, mtsinje uwu uli ndi tanthauzo lina. Mazowe ukatuluka m'Zimbabwe umalowa mu Mozambique, umakumana ndi Luenha, ndipo madzi ake amakathira mu Zambezi kumunsi kwa mzinda wa Tete. Ndi dera lomwelo limene makolo athu ambiri anadutsa pobwera kuno, atasenza mphasa ndi kathumba ka ufa. Amati madzi saiwala khwawa. Zimene tikutaya ku Chipadze zikubwerera njira imene agogo athu anadzera, kukafika kwa anthu amene mwina ndi a mfunda umodzi ndi ife, a Phiri ndi a Banda a kutsidya, amene amamwa ndi kuwedza m'madzi omwewo osadziwa chimene chachokera kumtunda. Timatumiza ndalama kumudzi pa maliro. Kodi izi nazo ndi zimene tikufuna kutumiza?

Kwa zaka zambiri tinkauzidwa kuti ndife alendo. Tinkatchedwa mayina onyoza, ziphaso za ambiri zinadindidwa chilembo chosonyeza kuti si nzika, ndipo kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunachotsera anthu ambiri ufulu wovota m'dziko limene anabadwiramo. Mlendo ndi mame, ndipo mame safolera denga. Koma malamulo a 2013 anatembenuza zimenezi. Gawo 43 likuzindikira kuti wobadwira muno kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene ankakhala muno pamene malamulowo ankayamba kugwira ntchito, ndi nzika mwa kubadwa. Gawo 6 likuika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Dziko limene linavina nyimbo za Alick Macheso, mwana wa ku Shamva, limene linakuwa dzina la Moses Chunga ndi la Benjani Mwaruwari, silingatiuzenso kuti tilibe gawo pa bwalo kapena pa mtsinje. Amene sanatengebe chiphaso chatsopano ayenera kuthandizidwa kuchitenga. Koma amene tili nacho, tachigwiritsa ntchito yanji kupatula kuima pa mzere tsiku la chisankho?

Tikufunsa khonsolo ya Bindura kuti iike poyera ndalama zolowa ndi zotuluka za bwalo la Chipadze, ndi kuti ilole komiti ya anthu okhala m'derali, amayi ndi achinyamata ali momwemo, kukhala ndi mawu pa kasamalidwe kake. Tikufunsa Freda Rebecca ndi migodi ina kuti thandizo lawo pa masewero lipite pa zinthu zimene zidzatsale iwo atapita, mjigo, zimbudzi, mpanda, osati pa mayunifolomu a dzina lawo okha. Tikufunsa a EMA kuti atchule mayina a eni makina amene awagwira m'mitsinje ya chigawo chino. Ndipo kwa apampando a mabungwe a maliro, abusa, mashehe, aphunzitsi a masewero ndi eni matimu a m'makwalala a Chipadze: pa msonkhano wotsatira wa bajeti ya khonsolo, ndani mwa inu adzaimirire ndi pepala m'manja, n'kufunsa za mpopi wa pa bwalo ndi za paipi imene ikuthira m'khwawa?